Mmene pepala la mkodzo wanga linafikira pamaso pa jaji

Ngozi inachitika mu Januwale 2023, Lachiwiri m'mamawa, pamsewu wa US 20 pakati pa South Bend ndi Elkhart kuno ku Indiana, m'dziko la America. Amene munakhalako mbali ino mukuidziwa sinowo yobwera ndi mphepo ya kunyanja ya Michigan. Kunja kumakhala kuli bwinobwino, kenako pa mphindi zisanu zokha msewu wonse wayera mbee, magetsi a galimoto ya patsogolo pako osaonekanso. Ndinali pa thiraki, nditanyamula zitsulo za kufakitale. Galimoto yaing'ono imene inali patsogolo panga inamanga mabuleki mwadzidzidzi. Nane ndinaponda, koma thiraki yodzaza siima msanga pamsewu woterera. Ndinaiomba kumbuyo mpaka inakatsamira chitsulo cha m'mbali mwa msewu.

Bambo amene amayendetsa galimotoyo anatuluka yekha atagwira kumutu, akuyankhula, ndipo anakwera ambulansi ndi miyendo yake. Wapolisi anandiuza kuti ndiuzire mpweya m'kachipangizo koyezera mowa. Sikanapeze kanthu, poti ine mowa ndinasiya kalekale. Magazi sananditenge. Anandilembera tikiti ya kuyenda moyandikira kwambiri galimoto ya patsogolo, n'kundiuza kuti ndizipita. Mumtima ndinathokoza Mulungu kuti palibe wafa, ndipo ndinkaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Ndikulemba izi chifukwa ambiri a ife amene tili ndi laisensi ya CDL, yoyendetsera mathiraki, timangodziwa kuti amatiyeza mkodzo. Koma kuti pepala la zotsatira limayenda njira ziti, ndani amaloledwa kuliona, nanga n'chiyani chingalitulutse mu ofesi ya kampani n'kulifikitsa kukhoti, sitidziwa. Ine ndinadziwa zonsezi atanditsegulira kale mlandu. Sindine loya, ndikungofotokoza zimene ndinadutsamo ndi zimene ndinaphunzira m'miyezi imeneyo.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga, chifukwa ndikakubisa ndiye kuti zonsezi n'zopanda pake. Msana unkandipweteka kwa chaka chathunthu, usiku tulo osabwera. Mnzanga wina anandiuza za timaswiti tofewa tokhala ndi chamba, timene amagulitsa m'masitolo ovomerezeka ku Niles. Niles ili m'boma la Michigan, koma kuchokera kunyumba kwathu ndi ulendo wa mphindi zochepa chabe. Anthu a ku Michigan anavota mu 2018 kulola kuti akuluakulu azigula chamba, ndiye m'sitolomo umalowa masana dzuwa likuswa mtengo, n'kupatsidwa lisiti ngati wagula shuga. Ku Indiana n'choletsedwabe. Ndipo kwa woyendetsa thiraki zilibe kanthu kuti wagula kuti, chifukwa ife timayendera malamulo a boma lalikulu la America kudzera ku DOT, unduna woona za mtengatenga, amene savomereza chamba ngakhale dokotala atakulembera. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinadya timaswitito usiku uliwonse kwa milungu iwiri, n'kusiya Lachisanu chifukwa mkazi wanga anatipeza m'thumba la jekete ndipo tinakangana. Ngozi inachitika patapita masiku anayi.

Lamulo la oyendetsa mathiraki limati pakachitika ngozi munthu n'kufa, woyendetsa ayezedwe basi, kaya walakwa kaya sanalakwe. Ngati wina wavulala n'kutengeredwa kuchipatala, kapena galimoto yachita kukokedwa, amayezedwa pokhapokha ngati wapatsidwa tikiti. Mowa ayeze pasanathe maola 8, mankhwala ozunguza bongo pasanathe maola 32. Ine tikiti ndinali nayo m'thumba, choncho bwana woona za chitetezo pakampani anandiimbira kuti ndipite kukiliniki imene amagwira nayo ntchito. Chifukwa cha nyengo ndi kukoka thiraki, mkodzo ndinakapereka mmawa wa tsiku lotsatira. Maganizo okana anandibwerera ndili pamalo oimikapo magalimoto, koma kukana amakuwerengera mofanana ndi kupezeka nazo, ndiye ndinalowa.

Mayi wa pakiliniki anandiuza kuti ndivule jekete, ndikhuthule zonse za m'matumba, ndisambe m'manja iye akuona. M'chimbudzimo madzi anali atathiramo mankhwala obiriwira ngati inki kuti munthu asatungepo. Anandipatsa kakapu kokhala ndi kachizindikiro koyezera kutentha pambali. Nditatuluka anayang'ana kutenthako nthawi yomweyo, n'kugawa mkodzowo m'timabotolo tiwiri, kena mamililita 30, kena 15. Anamata zomatira pamwamba, ine n'kulembapo zilembo zoyamba za dzina langa. Dzanja linkanjenjemera moti chilembo chimodzi chinapindika. Anandipatsa kope langa la fomu, ndipo ndikukupemphani kuti kope limenelo muzisunga. Langa ndinalipinda n'kuliponya m'galimoto, ndipo pambuyo pake tinalifunafuna usiku wonse loya atalifuna.

Patapita masiku angapo anandiimbira dokotala amene amamutchula kuti MRO. Ntchito yake ndi kuona zotsatira za kulabu asanauze kampani, n'kukufunsa ngati pali chifukwa cha chipatala, monga mankhwala amene unalemberedwa. Asanayambe mafunso ananena mawu amene sindinawamvetsetse panthawiyo: kuti zina zokhudza thanzi langa zimene ndingamuuze angathe kuzipereka kwa abwana anga popanda chilolezo changa ngati zikukhudza chitetezo pantchito. Kwathu tinazolowera kuti dokotala ndi munthu womuululira zonse, ndipo ine ndinamufotokozera za msana, za tulo, za sitolo ya ku Niles. Anamvetsera mwaulemu, kenako anati palibe chimene chingasinthe, zotsatira zikusonyeza chamba. Anandiuzanso kuti ndili ndi maola 72 opempha kuti kabotolo kachiwiri kakayezedwe kulabu ina. Ndinapempha, ngakhale ndinkadziwa chimene chidzatuluke, ndipo chinatuluka chomwecho. Komabe inu amene mukudziwa kuti simunagwiritse ntchito kanthu, maola 72 amenewa musawataye. Kampani siiloledwa kukukanizani chifukwa choti mulibe ndalama yolipirira pa tsikulo.

Tsiku lomwelo anandichotsa pathiraki, ndipo sabata isanathe ntchito inatha. Dzina langa linalowa mu Clearinghouse, kaundula wa pa intaneti amene boma linayambitsa mu Januwale 2020, momwe kampani iliyonse ya mathiraki imayang'ana isanakulembe ntchito. Zinandiwawa, koma ndinazivomera chifukwa ndinazichita ndekha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo uja atafika kuchipatala anapezeka kuti magazi akutayikira m'mutu, ndipo anamuchita opaleshoni usiku womwewo. Ngozi imene inalembedwa ngati yaing'ono inasanduka nkhani ya munthu wovulala kwambiri, ndipo fayilo inapita kwa wapolisi wofufuza milandu.

Anandiimbira Lolemba masana ndili ndekha pakhomo. Mawu ake anali ofatsa. Anandifunsa kuti ndikupeza bwanji, nati amadziwa kuti ngozi imasautsa mtima, ndipo akungofuna kutseka fayilo. Anafunsa za liwiro, za nthawi imene ndinagona dzulo lake, za foni. Ndinayankha zonse. Kenako anangoti, "Kampani inakuyezani eti? Zinatuluka bwanji?" Ine, m'Chingerezi changa chaulemu chija, ndinati sizinatuluke bwino, koma anali timaswiti chabe ta msana, ndipo ndinali nditasiya masiku anayi ngozi isanachitike. Ndinkaganiza kuti ndikudziyeretsa. Ndinkaganiza kuti akamva chilungamo changa aona kuti sindine munthu wa chamba.

Pano ndikaganiza, ndimaona kuti amene anayankha foni ija anali mwana amene anakulira ku Ntcheu, wophunzitsidwa kuti wamkulu akakufunsa umayankha, ndipo kukhala chete pamaso pa wa boma ndi mwano. Khalidwe limenelo ndi labwino, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa lomwelo. Koma pafoni paja linandipweteketsa. Wapolisiyo analibe pepala langa, ndipo sakanalipeza pongoimbira foni kukampani. Ndinamuuza ndekha zimene zinali m'pepalamo. Sanandichenjeze kuti ndili ndi ufulu wokhala chete, ndipo sanalakwe, chifukwa chenjezo limene timalimva m'mafilimu, lochokera pa mlandu wa Miranda wa 1966, amakakamizidwa kulinena akakugwira n'kumakufunsa uli m'manja mwawo. Pafoni, kapena pakhonde la nyumba yako, sakakamizidwa. Koma zimene wanenazo amazilemba, ndipo zimagwira ntchito kukhoti.

Lachitatu anabwera kunyumba ndi fomu. Anati ndingosaina kuti kampani ndi dokotala uja amupatse zotsatira, zinthu ziyende msanga. Ndinali nditagwira kale cholembera. Mkazi wanga, amene amagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba, anali atangodzuka, ataima pakhomo la kukhitchini atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Anayankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, osamuyang'ana mlendoyo.

"Bambo a Chisomo, cholemberacho chiikeni pansi. Ngati pepalalo ali ndi ufulu wolitenga, bwanji akufuna dzanja lanu?"

Ndinati, "Mayi a Chisomo, tikakana aziti tikubisa kanthu."

"Azinena. Muuzeni kuti muyamba mwaonana ndi loya."

Ndinamuuza choncho. Sanakwiye. Anapinda fomu yake, n'kusiya khadi lake patebulo, n'kumapita. Funso la mkazi wangalo ndi limene loya anadzandiyankha mawa lake, ndipo yankho lake ndi limene ndikufuna aliyense woyendetsa thiraki alidziwe.

Loyayo anali mayi wachikulire amene wagwira milandu ya pamsewu zaka zambiri. Ndalama zimene tinkasunga zoti tikafolerere nyumba kumudzi zinathera kwa iyeyo. Anatsegula malamulo a DOT otchedwa 49 CFR Part 40 n'kundionetsa ndime ziwiri. Ndime 40.321 imaletsa kampani, labu kapena MRO kupereka zotsatira za munthu kwa wina aliyense wapadera popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake. Chilolezocho chiyenera kutchula chinthu chenicheni chimene chikuperekedwa, munthu amene akupatsidwa, ndi nthawi yake. Chilolezo chongoti "perekani zonse kwa aliyense amene angafune" n'choletsedwa. Alipo ena amene malamulo omwewo amawalola kuona, monga a DOT eniake ndi bungwe la NTSB likamafufuza ngozi, koma wapolisi wongofuna kumanga mlandu sangangotola. Ndiye chifukwa chake anabwera ndi fomu.

Ndime 40.323 ndi imene imatsegula khomo. Imati pa mlandu wa upandu kapena wa chipukuta misozi wochokera pa ntchito yako yoyendetsa, kampani ingathe kutulutsa zotsatira ngati khoti laona kuti zikukhudzana ndi mlanduwo ndipo lalamula kuti zibwere. Zikatero zimapita kukhoti, pa mgwirizano woti zionedwe ndi mbali za mlanduwo zokha, ndipo kampani iyenera kukudziwitsa mwa kalata nthawi yomweyo kuti yatulutsa chiyani. Loya anati chitetezo chimenechi chilipo ndithu, koma chili ndi malire. Woimira boma pa mlandu amayenera kumuonetsa jaji chifukwa chomveka chofunira pepalalo. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chifukwa chimenecho munawapatsa ndinu Lolemba." Ndinangoti kukamwa yasa. Anandiuzanso kuti ndisadalire lamulo la HIPAA limene anthu amakonda kulitchula, chifukwa limateteza mafayilo a kuchipatala, osati mapepala amene abwana ako amasunga monga olemba ntchito.

Ndinamufunsa kuti zimatheka bwanji kuti boma lindikakamize kupereka mkodzo popanda chikalata cha khoti, kenako boma lomwelo n'kugwiritsa ntchito mkodzowo kundimanga. Anati funso limenelo si lachilendo, lakhala likuvutitsa makhoti kwa zaka zoposa 30. Anandifotokozera kuti mu Januwale 1987 sitima ziwiri zinaombana ku Chase m'boma la Maryland, anthu 16 n'kufa, ndipo zinapezeka kuti woyendetsa imodzi anali atasuta chamba. Mu 1991 sitima ya pansi pa nthaka ku New York inachita ngozi, woyendetsa ataledzera, n'kupha anthu asanu, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti ogwira ntchito za mtengatenga aziyezedwa. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1989, khoti lalikulu la America linagamula mlandu wa Skinner, n'kuvomereza kuti ogwira ntchito zanjanji aziyezedwa pakachitika ngozi popanda chikalata cha khoti. Chifukwa chake chinali chakuti cholinga n'kuteteza miyoyo ya anthu, osati kusaka milandu. Koma oweruzawo sanayankhe funso loti zingakhale bwanji ngati zotsatirazo zitamaperekedwa kwa apolisi mwachizolowezi. Analisiya kuti lidzaonedwe tsiku lina.

Mu 2001 khoti lomwelo linagamula mlandu wa Ferguson. Chipatala cha boma ku Charleston, South Carolina, chinkayeza mkodzo wa amayi oyembekezera n'kumapereka zotsatira kwa apolisi, amayi ena n'kumangidwa atangobereka kumene. Khoti linati zimenezo n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko ngati amayiwo sanavomereze, chifukwa ndondomekoyo inakonzedwa mogwirizana ndi apolisi pofuna kupeza umboni wa milandu. Nditamva zimenezi ndinalimba mtima, ndimvekere ndiye kuti nanenso ndapulumuka. Loya anapukusa mutu. Anati kwa ine apolisi sanatume aliyense kuti andiyeze. Kampani inangotsata lamulo la chitetezo, ndipo pepalalo likupemphedwa pambuyo, kudzera kwa jaji. Anati tilimbana nazo, koma ndisayembekezere zambiri pamenepo.

Mu Malichi ananditsegulira mlandu wovulaza munthu kwambiri poyendetsa galimoto nditasokonezeka ndi mankhwala. Ndinakadzipereka ndekha loya atandiperekeza, n'kutuluka pa belo madzulo ake. Woimira boma anapempha khoti kuti lilamule kampani kubweretsa zotsatira, ndipo m'pempho lakelo analembamo mawu anga a pafoni aja monga momwe ndinawanenera. Kuwamva akuwerengedwa mokweza m'khoti, mkazi wanga atakhala kumbuyo kwanga, ndi chinthu chimene sindidzaiwala. Loya wanga anatsutsa kwa nthawi yaitali, koma jaji analamula kuti pepalalo libwere, lionedwe ndi mbali ziwiri zokha. Patapita masiku ochepa kalata ya kukampani inafika yondidziwitsa kuti apereka.

Chimene chinandithandiza si chinsinsi ayi, poti chinali chitatuluka kale. Chinali chakuti pepala la mkodzo silinena zimene anthu amaganiza kuti limanena. Labu siyeza chamba chenichenicho chimene chimazunguza mutu. Imayeza zotsalira zimene thupi limatulutsa likamaliza kuchiphwanya, ndipo zimenezi zimakhala mumkodzo kwa masiku, kwa wogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ngakhale milungu. Poyeza koyamba malire ake ndi mananogalamu 50 pa mililita, potsimikiza ndi 15. Nambala imeneyo imangosonyeza kuti munthu anagwiritsapo ntchito, siinena kuti liti, ndipo siinena kuti pa ola la ngozi mutu wake unali bwanji. Lamulo la ku Indiana ndi lolimba, chifukwa ngakhale zotsalira zokhazo zingakupezetse mlandu, koma limakamba za zopezeka m'magazi, ndipo magazi anga palibe anawatenga. Katswiri amene loya anamupeza analemba zonsezi momveka bwino. Kamera ya pagalasi la thiraki inaonetsa kuti ndinali pansi pa liwiro lololedwa ndipo ndinaponda buleki nthawi yomweyo. Wapolisi wa pamalo a ngozi anali atalemba yekha kuti sanaone chizindikiro chilichonse cha kuledzera.

Zisanafike pamenepo, woimira boma anabwera ndi mwayi woti ndivomere mlandu wocheperako wokhudza mankhwala, ndisalowe m'ndende. Kunena zoona ndinkafuna kuvomera. Ndinali nditatopa, ndalama zikutha, usiku ndikungotembenuka. Loya anandifunsa ngati ndine nzika. Ndinati ndili ndi green card, chiphaso chondilola kukhazikika m'dziko muno, koma sindine nzika. Anati ndisavomere kanthu kalikonse kokhala ndi dzina la chamba ndisanaonane ndi loya wa zolowa ndi kutuluka m'dziko, chifukwa mlandu umene kukhoti la m'dera ukuoneka waung'ono ungathe kukuthamangitsa m'dziko kapena kukutsekera unzika. Ananditchulira Jose Padilla, nayenso woyendetsa thiraki, amene anakhala ku America movomerezeka zaka zoposa 40 n'kuvomera mlandu wonyamula chamba loya wake atamuuza kuti asade nkhawa za kuthamangitsidwa. Mlandu wake unafika kukhoti lalikulu mu 2010, ndipo kuyambira pamenepo loya amayenera kumuchenjeza munthu amene si nzika za ngozi imeneyi asanavomere mlandu. Loya wachiwiriyo anandiuza kuti ngakhale kungovomera ndi pakamwa kuti unagwiritsapo ntchito chamba kungakuvutitse pofunsira unzika, ngakhale unagula m'boma limene n'chololedwa. Mpaka lero pempho langa la unzika ndinaliimika kaye, ndipo mawu a pafoni aja akadali m'fayilo ya khoti.

Mu Ogasiti woimira boma anachotsa mlanduwo. Ndinalipira tikiti ija basi. Banja la bambo wovulalayo linasumira kampani ndi ine kufuna chipukuta misozi, ndipo kumenekonso pepala lija linaitanidwa mwa lamulo la khoti. A inshuwalansi anakambirana nawo n'kugwirizana. Sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Ndinamva kuti bamboyo anachira koma sanabwererenso kuntchito yake yakale. Ndimakhulupirira kuti mutu wanga unali bwino mmawa umene uja, ndipo umboni unasonyeza choncho. Komabe ndine amene ndinamuomba, ndipo banja lake litamva za chamba linali ndi chifukwa chokwanira chondikayikira. Chikayiko chimenecho ndinawapatsa ndine, ndipo ndimawapempherera.

Pali khomo lina limene nkhani yanga inatulukira, lomwe lamulo lililonse silikanalitseka. Sabata yoyamba ija ndinamuuza mnzanga mmodzi wa kumpingo, ndimvekere zikhale pakati pa ife awiri. Amalawi a mbali ino tilipo ambiri ndithu koma timadziwana tonse, timakumana pamaliro, pazinkhoswe, pa 6 Julaye. Pasanathe milungu iwiri nkhani inali pa gulu la WhatsApp, itakula kale, akuti ndinkasuta ndikuyendetsa. Mayi anga kumudzi anaimva kwa munthu wina ndisanawauze. Anandiimbira akulira, amvekere, "Mwana wanga, zoona wayamba fodya wamkulu?" Loya atamva anandichenjeza kuti mnzangayo akanatha kuitanidwa kudzachitira umboni, ndipo mauthenga a pafoni nawonso khoti lingawaitanitse. Zimene umauza loya wako n'zotetezedwa. Zimene umauza mnzako, mlamu wako, kapena kulemba pagulu, n'zosatetezedwa. M'bale amene ali pa mlandu mukafuna kumuthandiza, mupititsireni chakudya, mutengereni ana kusukulu, koma musamuumirize kuti akufotokozereni zonse.

Abale amene mumagwira ntchito m'mafakitale a ku Elkhart, m'nyumba zosungiramo katundu kapena zosamalira okalamba, dziwani kuti malamulo a DOT ndatchulawa sakukukhudzani ngati kuyezedwa kwanu kuli kwa kampani yokha. Zanu zimadalira malamulo a boma limene mukukhala ndi mapepala amene munasaina tsiku lolembedwa ntchito. Malamulo aakulu a dziko oletsa kusechedwa popanda chifukwa amamanga manja a boma, osati a kampani ya munthu wamba. Mkazi wanga atamva zimenezi anakapempha kope la fomu imene anasaina zaka zisanu zapitazo, ndipo anapezamo mzere wolola kampani kupereka zotsatira kwa akuluakulu a boma ngati yaona kuti n'koyenera. Anali asanauwerengepo. Tsiku loyamba ntchito munthu umasaina mapepala ambirimbiri mothamanga, mtima uli pa malipiro. Kapempheni makope anu muwerenge muli phee, zinthu zisanavute.

Wapolisi akakuimbirani kapena kubwera pakhomo pambuyo pa ngozi, mupatseni dzina, laisensi ndi mapepala a galimoto ngati akuwafuna. Pamafunso ena onse muuzeni mwaulemu, momveka, kuti simuyankha popanda loya, ndipo mukatero khalanidi chete. Ufulu umenewu ndi wa aliyense amene ali m'dziko muno, nzika ndi mlendo yemwe. Musaname, chifukwa bodza ndi mlandu wina pawokha. Fomu yotulutsira zotsatira musasaine loya asanaione. Mulinso ndi ufulu wolembera MRO kapena labu kupempha mapepala onse okhudza kuyezedwa kwanu, ndipo ayenera kukupatsani pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Kuyezedwa magazi kapena mpweya kumene apolisi eniake amakupempha pamalo a ngozi ndi nkhani ina, ili ndi malamulo ake ndi chilango chake pa laisensi mukakana, ndiye musaisokoneze ndi zimene ndikunena pano.

Kubwerera pathiraki kunanditengera nthawi. Ndinayenera kuonana ndi mlangizi wovomerezeka amene amamutchula kuti SAP, kumaliza maphunziro amene anandilembera, kenako kupeza kampani yovomera kundilemba ikudziwa zonse, poti mu Clearinghouse mbiriyo imakhalamo zaka zisanu, kapena kupitirira ngati sunamalize ndondomeko yonse. Makampani ambiri sanandiyankhe n'komwe. Miyezi imeneyo ndinkapakira makatoni usiku, ndipo msana ndinapita nawo kwa dokotala weniweni, amene ananditumiza ku mafizo. Bwenzi nditayambira kumeneko. Kampani ina yaing'ono inandilandira kumayambiriro kwa 2024. Lamulo limati m'chaka choyamba uyezedwe mosayembekezera kosachepera kasanu ndi kamodzi, ndipo mlangizi angathe kupitiriza mpaka zaka zisanu. Kuyezedwa kumeneku sikukhala kwa wekha m'chimbudzi. Mwamuna mnzako amalowa nawe, umakweza malaya, kutsitsa buluku, kutembenuka kuti aone kuti sunabise kanthu, ndipo amayang'ana mpaka wamaliza. Tsiku loyamba ndinatuluka m'kachipindamo misozi ili m'maso, munthu wa zaka 46, bambo wa ana atatu.

Mwezi watha anandiitananso. Ndinali ndikutsitsa katundu ku Fort Wayne pamene uthenga unalowa woti ndipite kukiliniki nthawi yomweyo. Ndinapita, ndinavula jekete, ndinakhuthula matumba, ndinalemba zilembo zanga patimabotolo tiwiri tija. Kope langa la fomu ndinaliika m'chikwama cha pulasitiki chimene mayi a Chisomo anandigulira, momwe muli makope ena onse kuyambira la Januwale 2023, ndi khadi la loya pamwamba.